Chikhatho Chimodzi pa Mapu

Tenerife, 5 Okutobala 2003

Okondedwa Bambo,

Landirani moni, inu ndi Amayi. Ndikhulupirira chifuwa cha Amayi chatsikako, ndipo msana wanu wakulolani kukolola chimanga. Ine kuno ndili moyo, ndikudya, ndikugwira ntchito.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni mawu amandithera, mukudziwa mmene ndiliri. Komanso foniyo ili m'nyumba mwa achimwene a Costel, ndipo woyamba kuyankha amakhala alamu anga a Rodica. Lamlungu lapitali atangomva mawu anga anakuwa kuti, "Bambo, thamangani! Adona a ku Spain atikumbukira ife amphawi!" Khadi la foni linatha iwo akusekabe.

Ndatumiza mayuro 150. Zambiri zipite ku mankhwala a Amayi ku Caracal, zotsalazo mugule nkhuni chisanu chisanafike. Za mankhwalazo mupereke m'manja mwa azakhali a Tudora, osati kwina. Sindikunena munthu aliyense.

Tomato wayamba kupsa. Timalongedza mu shedi, akazi okhaokha, chiimirire tsiku lonse. Bwalo la ndege lili kumunsi kwa mundawu, moti ndege ikamanyamuka malata amanjenjemera ndipo aliyense amasiya kulankhula mpaka idutse. Kwa ine n'chimodzimodzi, silankhula kale. Ndimagona chipinda chimodzi ndi Viorica, mayi wa dziko lakwathu, wa ku Teleorman, wa pakamwa ngati wailesi. Amanditcha Sisitere chifukwa cha mpango wanga ndi manyazi.

Kapitawo wathu, bambo Eusebio, anandichotsa pa tebulo langa n'kundiika pafupi ndi khomo la ofesi yawo. Viorica ataona mmene ankandiyang'anira anabwera n'kundikokera kumene ndinali kale. Nkhani yake yathera pomwepo.

Madzi kuno ndi ogula. Kulibe chitsime, mitsinje yake ndi miyala yokhayokha, ndipo a pampopi amanunkha mankhwala. Akumwa timagula m'zigubu ku sitolo. Muwauze Amayi zimenezi, aseke pang'ono.

Ndine mwana wanu,
Niculina


Tenerife, 26 Okutobala 2003

Okondedwa Bambo,

Moni. Ine ndili bwino m'thupi. Za kumeneko sindifunsa, chifukwa kalata yomwe achimwene alemba m'dzina lanu yafika, ndipo ndaiwerenga mpaka pepala lafewa.

Mwati Amayi sakudzukanso, ndibwere. Mwati achimwene anatenga mapu a kusukulu, anaikapo dzanja, n'kupeza kuti kuchoka ku Bucharest kufika kuno ndi chikhatho chimodzi chokha. Mwati munthu amakwera ndege atadya m'mawa n'kutsika njala isanamugwire, choncho chondiletsa si mtunda koma kuuma mtima.

Bambo, chikhatho cha achimwene n'chachikulu. Tinapita ndi Viorica kwa mtsikana wogulitsa matikiti. Anati kuchoka pa bwalo lino kufika pa bwalo la ku Bucharest ndi makilomita oposa 4,000, ndipo umayamba watsika ku Madrid n'kukwera ina. Koma si makilomitawo andimanga miyendo. Pasipoti yanga inandilola miyezi itatu, ndipo inatha kale mu Epulo. Mukudziwa zomwe zinamuchitikira mwana wa a Stancu a m'mudzi mwathu: atangotera anamulanda pasipoti, lero akuweta atsekwe a eni. Kuno ndi chilumba. Palibe basi yoti munthu n'kuzembera, khomo ndi limodzi, bwalo la ndege lomweli. Ndikabwera sindidzabwereranso. Ndiye jakisoni wa Amayi adzagula ndani? Achimwene ndi chikhatho chawocho?

Pepani, mawu amenewo ndafufuta koma akuonekabe.

Ndatumiza zonse zomwe ndinali nazo. Itanani dokotala abwere kunyumba, musawakweze Amayi pa ngolo kukuzizira chonchi.

Chinthu chimodzi muwanong'oneze kukhutu, alamu atatuluka. Tsiku lomwe ndinkanyamuka anandigwira mkono pachitsime n'kunena kuti, "Niculina, ndikadzafa madzi anga udzatunge ndiwe. Osati mtsikana waganyu, osati mpongozi." Ine ndinati asanene zotero. Muwauze kuti sindinaiwale, koma asafulumire.

Mwana wanu,
Niculina


Tenerife, 9 Novembala 2003

Bambo,

Moni sindikudziwa kuti ndimupereke bwanji lero. Ndili moyo.

Amayi anatisiya Lachiwiri, munawaika Lachinayi, ine ndinamva Lachisanu, ndiponso kwa azakhali. Nambala ya foni ya sitolo ya pansi pathu achimwene ali nayo. Ikafika nthawi ya ndalama saisowa.

Dzulo pafoni sindinakuyankheni. Ndinangogwira foni, inu n'kuyesa kuti yaduka. Sinaduke, ndinamva zonse. Munati, "Ine kumeneko ndilibe mwana. Ngati ukufuna kukhala wanga, ndikuone pamanda tsiku la makumi anayi. Ukapanda kubwera, chipata changa usadzachikhudze." Ndinamvanso alamu kumbuyo kwanu akuti, "Msiyeni, Bambo, akuwotha dzuwa."

Zimenezo ndazimeza. Chomwe chakana kutsika ndi chakuti madzi a Amayi mwapatsa a Rodica kuti atunge. A Rodica omwe ankawawerengera Amayi masupuni a shuga. Mawu aja munawanong'oneza? Kapena kalata inathera m'manja mwa achimwene?

Ine ndayamba kutunga kuno. Musaseke, kapena sekani. Ndagula ulusi wofiira womangirapo mfundo za masiku makumi anayiwo. M'mawa uliwonse ndisanapite ku shedi ndizigula chigubu chachikulu n'kukachisiya pa khomo la munthu, m'dzina la Amayi, monga timachitira kwathu. Popeza ndayamba mochedwa, masiku oyambawa ndikunyamula ziwiri kuti ndipezane ndi masiku awo.

Viorica akuti ndapenga. Anati, "Sisitere, akufa a kwanu amamwanso madzi a mu pulasitiki?" Ndinati sindikudziwa. Anatukwana, kenako anandithandiza kukweza chigubu pa phewa.

Za mtanda wa pamanda nditumiza mwezi ukatha. Ukhale wa mtengo wolimba, ndipo dzina lawo alembe lonse, Gherghina, osati kudula.

Niculina


Tenerife, 23 Novembala 2003

Bambo,

Ndikupereka moni ngakhale sindikudziwa ngati akulandiridwa. Ndikhulupirira nkhuni zilipo ndipo mukudya chotentha. Ine phewa latupa pang'ono, koma si kanthu.

Anthu a kuno madzi aulere amawaopa. Kwathu ukagogoda ndi ndowa, munthu amadziwa kale, amalandira n'kunena kuti Mulungu amukhululukire wakufayo. Kuno bambo wina anayesa ndikugulitsa, anandiponyera ndalama yachitsulo n'kutseka. Wina ananunkhiza chigubu ngati ndathiramo mankhwala a makoswe. Wachitatu anatchula apolisi. Viorica atamva anati, "Ukatigwiritsa ndi madzi akowa, ndidzakumiza m'chigubu momwemo, mutu pansi."

Makomo atandithera ndinatsala ndi limodzi, la mayi Candelaria, wamasiye wokhala moyang'anana nafe. Chibwerereni sanatipatsepo moni. Ndinapempha Viorica andiperekeze, azimasulira.

Anatsegula pang'ono, anayang'ana chigubu, anayang'ana ine, n'kulankhula kanthu.

"Akuti zingati," anatero Viorica.

"Auzeni kuti n'zaulere."

Apo mayiwo anatsegula chitseko chonse, dzanja m'chiuno, n'kulankhula mosapuma.

"Akuti iwo si opemphapempha. Akuti mwatidzazira msewu ndi makabudula anu oyanika, tsopano mwayamba kutigawira madzi ngati mbuzi."

Kenako anatsegula chigubu n'kukhuthulira madzi onse mumsewu, akundiyang'ana m'maso. Ine ndinangoima. Madzi anandilowa m'nsapato.

Viorica anapsa mtima. Anawakalipira m'chinenero chawo, ndipo pobwerera anandiuza zomwe ananena. Anati, "Mai inu, mtsikanayu mayi ake amwalira. Kwathu wakufa amayenda ulendo wa masiku makumi anayi, ndipo amamva ludzu. Madzi omwe mwana wake wapatsa anthu kuno ndi omwe iye amamwa uko. Masiku akakwana amakawamasula pa madzi oyenda, pamaso pa mboni. Ndiye lero mwamugoneka ndi ludzu mayi wa mwini, nkhalamba yoipa inu!" Mayi Candelaria anati zimenezo n'zachikunja, n'kumenyetsa chitseko.

Tsiku limenelo sindinamange mfundo. Ndinagula chigubu china madzulo n'kuchisiya pa khomo lomwelo osagogoda. M'mawa sichinalipo, ndipo msewu unali wouma. Chiyambireni ndikusiya pomwepo, ndipo chimalowa. Ngati amamwa kapena amathirira maluwa, sindikudziwa. Moni satipatsabe.

Ndatumiza za mtanda. Musagulire alendo mowa wa mapulamu ndi ndalama imeneyi.

Niculina


Tenerife, 7 Disembala 2003

Bambo,

Moni. Ndili bwino, kungoti ndili ndekha.

Viorica kulibe. Lachitatu kunabwera anthu a boma ku shedi kudzafunsa mapepala. Ine ndinali ndatumidwa kukatenga makatoni kuseri. Iye anamugwira n'kumubweza kwathu, ndege waikwera mwaulere. Chikhoti chake chikadali pa msomali. Tsiku lotsatira bambo Eusebio anandibwezera pa tebulo la pafupi ndi ofesi. Ndimavala majuzi awiri ngakhale kukutentha.

Kalata ya achimwene ndalandira. Mwati ndisiye kuchititsa manyazi banja pogawa madzi kwa anthu osadziwa Mulungu wathu. Mwati madzi ogula m'sitolo, otungidwa makilomita 4,000 kutali ndi manda, sangafike kwa Amayi.

Bambo, ine sukulu ndinalekera panjira, ndiye mundithandize. Mu Okutobala, pomwe munkafuna kuti ndibwere, kuno kunali pafupi, chikhatho chimodzi. Lero pomwe ndikutunga madzi, kuno kwatalika, makilomita 4,000, ndipo nambalayo mwaitenga m'kalata yanga yomwe. Chilumbachi sichinasunthe. Musankhe chimodzi.

Ndisakubisireni, dzulo ndinatsika ku bwalo la ndege ndi chikwama. Ndinaima pansi pa chibolodi cha mayina a mizinda. Azungu ofiira ndi dzuwa ankandidutsa ndi masutikesi awo, ena akuyasamula, ngati kukwera ndege ndi kupita kumunda. Ndalama ya tikiti inali m'sokosi. Ndinafika mpaka kutsogolo kwa mzere, mtsikana wa matikiti anandifunsa kuti kuti, ine n'kutembenuka.

Ndinaganiza za ulusi. Mfundo sizinakwane, ndipo ndikachoka zithera panjira. Ndinaganizanso kuti ndikatera n'kundilanda pasipoti, pamanda ndiimapo tsiku limodzi, koma moyo wonse ndidzakhala ndikusesa pabwalo la alamu, ndipo nkhuni zanu za chaka chamawa sizidzagulidwa ndi munthu. Choncho Loweruka likubwerali musayang'ane kumsewu. Sindibwera. Za chipata ndamva.

Chondivuta n'chakuti madzi oyenda kuno kulibe. Ilipo ndi nyanja yokha, ndipo Amayi sindingawapatse amchere. Mboni yanga inali Viorica. Sindikudziwa kuti ndichita bwanji.

Niculina


Tenerife, 14 Disembala 2003

Bambo,

Moni. Ndikhulupirira mwambo wa dzulo unayenda, tirigu wophika wa chikumbutso anakwanira, ndipo wansembe sanathamangitse mapemphero chifukwa cha kuzizira.

Ine ndinamasula madzi a Amayi. Ndikuuzani mmene zinakhalira, mukatero muweruze.

Dzulo m'mawa ndinamanga mfundo yomaliza n'kukhala pa bedi, ulusi m'manja. Ndinali nditagula makandulo, kansalu koyera ndi buledi, koma kopita nazo kunalibe. Kenako wina anamenya chitseko ngati mwininyumba wofuna lendi. Anali mayi Candelaria, atavala zakuda, ndodo m'manja. Analoza ulusi, analoza makandulo, n'kulankhula mokalipa. Ndinangomvapo mawu awiri, akuti madzi ndi akuti tiye tizipita.

Tinakwera phiri kudutsa m'minda ya nthochi. Njira yonse ankanyinyirika, ndipo nditafuna kuwagwira mkono pa miyala anandimenya dzanja. Kumtunda kuli ngalande ya simenti, yopapatiza ngati chodyera nkhumba, yomwe imatenga madzi m'phiri kupita nawo kuminda. Inali youma. Iwo anakhala pa mwala, analoza wotchi yawo, anaika chala pakamwa. Tinadikira. Kenako ndinamva kaphokoso, ndipo madzi anabwera akukankha masamba ouma, ozizira, oyera. Ndinalawa. Analibe mchere.

Ndinayala kansalu. Chikho choyandamitsira makandulo ngati kwathu ndinalibe, ndiye makandulo ndinamata pa kathabwa ka bokosi la tomato. Kenako ndinawaphunzitsa mayi Candelaria mawu akuti mboni m'chinenero chathu. Anawapotoza, koma ankamveka. Ndinafunsa mokweza, ine amene mumati mawu anga samveka ndi nkhuku yomwe:

"Ndinu mboni kuti ndatunga madzi a Gherghina?"

"Mboni."

Ndinafunsanso. Anati, "Mboni," akuyang'ana kumbali.

Kachitatu anagogoda ndodo pansi n'kukuwa kuti, "Mboni!" ngati akuti kodi ndiwe gonthi.

Ndinaika kathabwa pamadzi pamodzi ndi ulusi. Kanayenda bwino, makandulo osazima, mpaka kanakhota kuseri kwa nthochi. Kumunsi kwenikweni bwalo la ndege linkaoneka lonse, ndipo ndege ina inali kunyamuka. Sindinaitsate ndi maso.

Potsika mayiwo anandilanda buledi, ananyema, anadya, n'kundibwezera wotsala. Pa khomo pawo analoza zovala zathu zoyanika n'kupukusa mutu, kenako anatseka chitseko. Ku shedi andidula malipiro a tsiku.

Funsani achimwene aike chikhatho pa mapu awo, atiuze kuti kumene kuli Amayi ndi kutali bwanji kuchoka pachitsime chathu, ndi kutali bwanji kuchoka pa ngalande ija.

Niculina


Tenerife, 11 Januwale 2004

Bambo,

Moni wa chaka chatsopano. Ine ndili bwino. Ku shedi ndinasiya, ndikutsuka mbale pa hotela ina kunyanja. Chifukwa chake musafunse. Ndalama ndi yochepa, koma amene akutiyang'anira ndi mayi.

Kuchokera kwa inu sindinalandire kanthu, ngakhale pa Khirisimasi. Kwa achimwene kunabwera mzere umodzi wofunsa ngati ndatumiza. Bokosi la nsalu za Amayi ndamva kuti lili kwa alamu. Likhale. Ndikanakonda mpango wawo wabuluu wokha, koma sindipempha.

Ndinaimbira azakhali a Tudora. Musawakalipire, ndinachita kuwaumiriza. Akuti a Rodica anatunga madzi sabata imodzi, chipale chofewa cha chisanu chitagwa anati njira ya kuchitsime ikuterera, ndipo Mulungu amaona mtima, osati ndowa. Akuti kuyambira pamenepo a Stancu ndi makomo ena ankapeza ndowa zawo zodzaza m'mamawa, osadziwa wotunga. Mpaka tsiku lomwe azakhali anakupezani mutagwa pa madzi oundana pafupi ndi mpanda wawo, ndowa ziwiri zitagubuduka, inu mukutukwana chitsime ndi amene anachikumba. Akuti munawauza kuti, "Ukauza munthu kuti ndimagwira ntchito ya atsikana, ndikuotchera khola." Akuti tsiku lotsatira munatunganso, mukutsimphina, mpaka masiku anakwana.

Ndiye pomwe munkandilembera kuti madzi anga safika, nanunso munali ndi anu omwe simunkadziwa ngati afika, otungidwa ndi mwamuna, mobisa, popanda mboni. Sindikukusekani. Azakhali anakuonani, ndiye mboni ilipo. Amayi anamwa kawiri, ndipo kaya oyamba kufika anali anu kapena anga, iwo sakanafunsa.

Sindiuza munthu. Achimwene asawerenge kalata iyi, ndaitumiza kwa azakhali.

Ndaikamo ndalama za bondo lomwe munagweralo. Pitani ku Caracal akalione, musangolimanga ndi masamba a kabichi. Pa njira ya kuchitsime muziwaza phulusa.

Chipata chanu sindichikhudza, monga munanenera. Sindinapemphe chikhululukiro ndipo inu simunapereke. Koma mukafuna kundiyankha, musatume achimwene. Lembani nokha. Ndikudziwa kuti zilembo zanu n'zokhota ngati zanga, ndipo mumachita nazo manyazi. Mzere umodzi ndi wokwanira, ngakhale wotukwana. Ndikufuna ndione dzanja lanu, osati chikhatho chawo.

Ndine wanu, mufune musafune,
Niculina